Kabotolo ka Mafuta

"Kabotoloko katuluke m'nyumba muno lero lomwe," anatero amalume, akugogoda tebulo ndi chipeso chimene sichinkachoka m'thumba la malaya awo. "Kakatayidwe kuchimbudzi. Ngati manja ako akulemera, bwera nako kuno ndikataye ndekha."

"Sikanalakwe kanthu," anayankha Kabatani osadzutsa mutu. Kanali m'manja mwake, kabotolo ka mafuta othira m'makina osokera, ka kamlomo kosongoka kopindika pang'ono. Mafuta anali atatsalira pansi penipeni.

"Mukumumva mwana wanuyu, achemwali? Kukoleji kuja ankaphunzira kuyankha akulu?"

Mayi ake anali chiimire pakhomo la kuchipinda, akupinda nsalu imene anali ataipinda kale.

"Unali pomwepo pamene bambo woyimira boma uja ankalankhula," anatero mayiwo. "Sanatiuze kuti tiname, ayi. Anangoti katundu wosungidwa ngati umboni sakhudzidwa ndi mwini mlandu, ndipo loya wa a Zakale akadziwa kuti bambo ako ankalowa m'chipinda cha umboni muja, mlandu wagwa. Atatero anayang'ana kudenga. Munthu wamkulu akayang'ana kudenga ndiye kuti watha kukuuza."

"Ndiye ndikanene chiyani?"

"Ukati sukudziwa. Kusadziwa si mlandu."

"Koma ndikudziwa, amayi. Ndine ndinkawagwira mkono pamasitepe paja."

Amalume anaomba m'manja kamodzi, nayang'ana mlongo wawo. Iwo anali ometa tsitsi pafupi ndi msika, ndipo malamulo onse a m'dziko anawaphunzirira pa mitu ya apolisi ndi akalaliki amene ankawameta.

"Kunena kwa ndithendithe nanthambwe anadzitengera," anatero. "Iwe ukuyesa kukhoti ndi kutchalitchi? Kumeneko sikupita choonadi, kumapita umboni. Ndi anthu awiri osiyana amenewo, sagona nyumba imodzi. Alamu anga anali munthu wabwino, Mulungu awasunge, koma pa nkhani ya mafutayi anatipalira moto."

"Musawanene, amalume."

"Sindikuwanena. Ndikunena kabotolo."

Kabatani anakalowetsa m'thumba la jekete ya bambo ake, imene tsopano ankavala ndi iye ngakhale kunja kutentha, natuluka kukakhala pakhonde.

Pansi pa khondelo panali timaenje tosaya pamene miyendo yachitsulo ya makina inadya simenti pa zaka zonse zimene bambo ake, atelala, anakhalapo akusoka. Mayi ake ankasesa mozungulira malowo ngati pali munthu wagona. Makinawo anabedwa dzuwa likuswa mtengo, tsiku limene banja lonse linali kuchipatala. Patapita masiku apolisi anawapeza m'shopu ya a Zakale, ogulitsa katundu wakale, kachitsulo kokhala ndi nambala katakanganulidwa. Tsiku limenelo atelala anavina pakhonde ndi mwendo wawo umodzi waufupi, anthu odutsa mumsewu nkumaseka. Ankayesa kuti madzulo omwewo makina agona kwawo.

Makina anapita kukhoti kukadikira mlandu. Mlandu nawo unkadikira woweruza amene anasamutsidwa, kenaka loya amene anadwala, kenaka wapolisi amene anapita kumaphunziro. Mvula inagwa, inaleka, inagwanso. Atelala anasoka ndi manja mpaka maso anakana, kenaka anangokhala. Kabatani anabwera kuchokera kukoleji kudzawadwazika kwa mwezi umodzi, ndipo mwezi umenewo sunathe mpaka lero.

Mayi ake anatuluka nadzakhala pambali pake, miyendo atatambalala.

"Wakwiya?"

"Ayi."

"Wakwiya. Ukakwiya umakweza phewa limodzi ngati iwo. Ukukumbuka mmene unamezera batani lija?"

"Mumandiuza chaka chilichonse."

"Lalikulu, la chikhoti cha abwana ena ake. Ine kulira, kufuna kuthamangira kuchipatala. Bambo ako osatekeseka. Akuti, tidikire, katundu wa eni sagona m'mimba. Litatuluka analitsuka ndi madzi otentha, nkunena kuti batani limene layenda ulendo wotere silingabwererenso pachikhoti. Nkulikhomera pa kabokosi ka makina m'malo mwa chogwirira." Anaseka, kenaka kusekako kunathera m'mphuno. "Dzina lako lenileni nkuferatu pomwepo."

Kabatani anamwetulira osafuna.

"Mwanawe," anatero mayiwo, mawu atatsika, "ine sindikufuna kuti a Zakale akawole kundende. Awole asawole, bambo ako sadzuka. Ndikufuna makina. Mipendero ndimatha, mayunifolomu ndimatha, anandiphunzitsa okha. Akabwera pakhonde pano, ine ndikhala pampandopo, iwe ubwerera kusukulu. Mawu amodzi okha. Sindikudziwa. Kodi ndi olemera chotani?"

M'maganizo mwake Kabatani anabwerera kukhoti. Ankaona chipinda cha kuseri kwa khoti chija, cha fungo la chinyezi ndi makoswe, modzaza njinga za dzimbiri, zikwanje zomata timapepala, matilesi, mawailesi osalankhula. Mlandu ukangoyimitsidwa, anthu ena onse ankatuluka akutukwana, koma atelala ankazungulira kuseri, nakwera masitepe, navula chipewa pamaso pa mkulu wosunga makiyi. Mkuluyo, amene tsopano anapuma ntchito, ankayang'ana uku ndi uku, natsegula, nkupita kukaima padzuwa ngati sakudziwa kanthu. Atelala ankapukuta fumbi ndi mpango wawo wa m'thumba, nadontheza mafuta m'timabowo, kuyambira pamwamba, kutsikira pa singano, kumalizira pansi pa chopondera. Ankapaka lamba ndi chala kuti asaume. Kenaka ankapukusa gudumu pang'ono, khutu atayandikiza, maso atatseka.

"Chitsulo sichifa ndi ntchito, mwana wanga," ankatero potuluka. "Chimafa ndi kukhala."

Sabata imeneyo amalume anatsegula khoti lawolawo m'shopu yometera. Ankamukhazika Kabatani pampando wa makasitomala, namuveka nsalu m'khosi kuti asathawe, iwo nkumayendayenda kumbuyo kwake manja ali m'chiuno, akumuyang'ana pagalasi.

"Mboni! Kodi malemu bambo anu anakhudzapo makinawa chiwatengereni apolisi?"

"Sindikudziwa."

"Ukunena ngati wamwa mankhwala owawa. Bwereza. Yang'ana kutsogolo, usaphethire."

"Sindikudziwa."

"Ehe! Nanga m'thumbamo muli chiyani?"

"Mulibe kanthu."

"Wayamba kukhwima," anatero amalume, ndipo anthu odikira kumetedwa anaseka. Mkulu wina wa dazi, amene ankabwera kudzangowerenga nyuzipepala, anati asade nkhawa, mlandu suwola.

"Suwoladi," anayankha Kabatani akuvula nsalu ija. "Amawola ndi odikirawo."

Palibe anasekanso.

Tsiku la mlandu, makina anawalowetsa apolisi awiri nawaika kutsogolo, pakati pa tebulo la woweruza ndi bokosi la mboni. Kabatani anali asanawaone chiikire maliro. Anaoneka aang'ono kusiyana ndi mmene ankawakumbukira. Kutsidya kunakhala a Zakale, bambo wonenepa wa imvi m'ndevu, atavala tayi yosagwirizana ndi malaya, akupukuta thukuta. Woweruza anali mayi wa magalasi, wa nkhope yotopa, amene ankalemba kwambiri kuposa kuyang'ana.

Kabatani analumbira. Woyimira boma anamufunsa mmene akuwadziwira makinawo, ndipo iye analoza batani lakuda pa kabokosi, nafotokoza ulendo wake wonse mpaka anthu m'khoti anaseka, woweruza nkugogoda tebulo. Analoza m'mphepete mwa thabwa, pamene panali timaenje ta mano ake a ukhanda. Analoza kathabwa kokhomedwa kumanzere kwa chopondera, kamene kankathandiza mwendo waufupi kufika. Mayi ake, pa benchi yachiwiri, ankavomereza ndi mutu chilichonse.

Kenaka anaimirira loya wa a Zakale, munthu wochepa thupi, wa mawu ofewa ngati akupepesa maliro.

"Pepani ndi imfa ya bambo, achimwene."

"Zikomo."

"Batani ili mwanena. Kulikhomera pa kabokosi kungatenge nthawi yaitali?"

"Ayi."

"Kathabwa aka?"

"Ayi."

"Za mano sindifunsa. Ana onse ali ndi mano, makoswenso ali nawo." Ena anaseka. "Ndifunse ichi. Chiwatengereni apolisi makinawa m'shopu ya bambo awa, kodi malemu anawakhudzapo?"

Kabatani anayang'ana kutsogolo, pa khoma loyera, osaphethira.

"Sindikudziwa."

Anamva amalume akutulutsa mpweya kumbuyo. Zinali zopepuka kuposa mmene ankaganizira. Mawu amodzi okha, ndipo denga silinagwe.

Loya uja anagwedeza mutu ngati wakhutira. Anapempha chilolezo kwa woweruza, nayenda pang'onopang'ono kupita pa makina.

"Olemekezeka, chipinda chosungiramo umboni tonse tikuchidziwa. Chimadontha. Njinga ikalowamo mvula imodzi imatuluka yofiira, gudumu osazungulira. Makina awa agonamo mvula ziwiri."

Anakoka mpando, nakhala, naika nsapato yake yonyezimira pa chopondera. Anaponda mwachilendo, gudumu nkubwerera m'mbuyo, lamba nkugwedera.

"Mukuwabweza!" Mawuwo anatuluka okha m'kamwa mwa Kabatani. "Yambani ndi dzanja. Kokerani gudumu kwa inu, kenaka mupondere."

"Chonchi?"

Makina anayamba kuyimba.

Analibe ulusi, analibe nsalu, koma mawu ake anali omwe aja. Tchiki-tchiki-tchiki, osakhosomola, osakukuta, ndi kakugunda kakang'ono ka chopondera kamene kankabwera mochedwa pang'ono kumanzere. Kabatani anawamva mawuwo asanabadwe. Anagona nawo masana ali pansi pa thabwa paja, zidutswa za nsalu zikumugwera kumaso. Anawerenga nawo mabuku a mayeso. Pobwera kuchokera kusukulu ankawamvera pa ngodya ya msewu, nadziwa kuti kunyumba kuli bwino. M'khoti monse munali zii. Ngakhale cholembera cha woweruza chinaima.

Loya anachotsa phazi. Gudumu linapitiriza lokha kwa kanthawi, mopepuka, lisanaime. Anapisa chala pansi pa mutu wa makina, nachikweza kuti onse aone mmene chinkanyezimira.

"Chitsulo sichidzithira chokha mafuta, achimwene. Alipo amene ankalowa m'chipinda muja kudzachisamala. Ndikufunsaninso. Ndani?"

Kabatani anayesa kuyang'ana khoma lija, koma khoma linali litasungunuka. Dzanja lake linali m'thumba la jekete, litafumbata kabotolo. Kunena kuti sakudziwa tsopano kunali kunena kuti masitepe aja sanakweredwe, kuti chipewa chija sichinavulidwe, kuti munthu amene ankapuma pa sitepe iliyonse atagwira pachifuwa sanakhaleko. Khoti linali litawalanda makina. Tsopano linkafuna kuti iye apereke ndi manja omwe.

"Anali bambo," anatero.

"Kangati?"

"Nthawi zonse mukatibweza."

"Ndilibenso funso, olemekezeka."

Panjira amalume anayenda patsogolo okha, chipeso chili m'manja, akulankhula ndi mpweya. Anafika nazo mpaka m'nyumba.

"Madzi akatayika saoleka! Ndinakuphunzitsa sabata yathunthu, makasitomala kudikira. Munthu wakutchera msampha poyera, iwe nkumuuzanso mopondera! Ukanamuthandiza ndi kulowetsa ulusi!"

"Musiyeni, achimwene," anatero mayi ake a Kabatani. Anali atakhala pampando osavula nsapato, ndipo nkhope yawo inali yowala mwachilendo. "Ine ndasintha maganizo. Wachita bwino."

"Mwati bwanji?"

"Munawaona amayi oweruza aja? Anasiya kulemba. Anamva. Tandiuzani, ndi munthu wamisala uti amene angamakwere masitepe akudwala, mvula ziwiri, kukathira mafuta makina a eni? A Zakale anapitako ndi kamodzi komwe? Mwana akadwala m'chipatala, mayi wake umamudziwira pa phala. Umboni woposa pamenepa ulinso kuti?"

"Achemwali, lamulo siliganiza choncho."

"Ndiye limaganiza ndi chiyani?"

Amalume anabweza chipeso m'thumba.

Chigamulo anachiika patapita masabata awiri. M'mawa wa tsikulo mayi ake anasesa pakhonde, nakolopa, natulutsa mpando wa atelala nkuuika pamalo pake. Kenaka anamutuma Kabatani kukabwereka wilibala kwa mmisiri womanga nyumba wa kuseri kwawo, nayalamo bulangete la malemu lopinda pawiri. Wilibalayo inali yokalamba, ya simenti youma m'mbali, ndipo gudumu lake linkalira ngati kamwana ka mbuzi.

"Tatidonthezera mafuta ako otchuka aja, tisachite manyazi mumsewu," anatero amalume.

"Si a wilibala," anayankha Kabatani.

Woweruza anawerenga nthawi yaitali osadzutsa maso. Anati khoti silikunena kuti malemu anali wabodza, ngakhale mwana wawo. Anati koma katundu wa umboni anakhudzidwa kambirimbiri ndi wodandaula popanda woyang'anira, kotero khoti silingatsimikize kuti zizindikiro zimene mboni inaloza zinalipo kale kapena zinaikidwa pambuyo. Mwiniwake amene akanafunsidwa anamwalira. Pamene pali chikayiko, lamulo limamasula woimbidwa mlandu. A Zakale ndi mfulu, ndipo katundu abwerere kumene anapezeka.

Mayi ake a Kabatani anaimirira.

"Pepani, amayi. Kumene anapezeka kapena kumene anachokera?"

Wapolisi anawakodola kuti akhale pansi. Woweruza anavula magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayang'ana m'maso. Anati ngati banja likufuna, likhoza kukatsegula mlandu wina, wolimbirana umwini, kubwalo lina. Anawauza mofatsa kwambiri. Kenaka anavalanso magalasi naitana mlandu wotsatira.

"Mvula zina ziwiri," ananong'ona amalume.

Kunja dzuwa linali litakwera. Wilibala inali pamene anaisiya, pansi pa mtengo, bulangete lili chiyalire. Anaima pamenepo atatu, osadziwa chochita ndi manja awo, mpaka anamva chitsulo chikukwekwereza pa simenti.

Anali a Zakale. Galimoto imene anaitana inali itaima kunja kwa mpanda, ndipo iwo ankakoka makina okha chafutambuyo, atagwira gudumu. Miyendo inkagunda pa sitepe iliyonse, mutu nkumagwedera, kabokosi ka batani kali pafupi kusolokoka.

"Asiye," anatero amalume, atagwira mkono wa jekete. "Kabatani! Pano ndi pakhoti, ukagona m'kati."

Koma iye anali atafika kale. A Zakale anasiya makina nabwerera m'mbuyo, manja ali m'mwamba.

"Ine ndinachita kugula, mwana wanga. Amene anabwera nawo sindimudziwa. Khoti lanena lokha."

"Sakokedwa ndi gudumu," anatero Kabatani. "Mupinda mtanda wa m'kati."

Anagwada. Anatsitsa lamba, namukulunga bwinobwino, namuika m'kabokosi. Anakankha kabokosiko ndi chala chachikulu pa batani mpaka kanatsekeka. Kenaka anatulutsa kabotolo. Anayambira pamwamba, natsikira pa singano, namalizira pansi pa chopondera. Pa bowo lomaliza anachita kukagwedeza ndi kukafinya, dontho linatuluka mochedwa, lalitali, nkulowa. Anapukusa gudumu pang'ono, khutu atayandikiza.

"Musawaike pafupi ndi khomo, mvula imawomba," anatero akuimirira. "Ndipo wogula mukamuuze kuti asawasunge. Azisokera."

A Zakale ankayang'ana nsapato zawo.

Mayi ake anafika ndi bulangete. Sanawayang'ane bambowo ngakhale pang'ono. Anafunditsa makina kuyambira kumutu, napisa m'mphepete mwa bulangete pansi pa thabwa mbali zonse, monga ankachitira m'chipatala muja, nasalaza pamwamba ndi chikhatho. Kabatani anagwira mbali imodzi, amalume atatukwana chapansipansi anagwira inayo, ndipo anawanyamula mosamala mpaka pa galimoto.

Itapita, amalume anati ali ndi makasitomala, nakhotera njira ya kumsika akusisita m'maso ndi chipeso chili m'manja. Mayi ndi mwana analowera kwawo. Kabatani ankakankha wilibala, mayi ake ali pambali, dzanja limodzi ataliika pa chitsulo cha m'mbali ngati muli katundu woti angagwe.

Gudumu linkalira njira yonse, anthu nkumatembenuka. Pa ngodya ya msewu wawo, pamene kale ankayambira kumva makina, mayi ake anaima.

"Tathira pang'ono, mwanawe. Likundilowa m'mutu."

Kabatani anatulutsa kabotolo, nakazondotsa pamwamba pa gudumu, nadikira. Anadikira onse awiri.